BWATO, MPHEPO NDI NZERU ZA AKULU

Mawu olankhulidwa kwa mafumu, aphunzitsi ndi asodzi a m'midzi ya kunyanja



Nkhani ya lero ndi ya bwato. Chaka ndi chaka, mwera ukayamba kuomba, pamveka maliro m'madooko ena. Wina anapita ku usipa usiku ndipo sanabwerere. Wina anali kuoloka ndi matumba a chinangwa ndipo bwato linagubuduzika mtunda uli pafupi. Anthu akasonkhana pasiwa amati, "Nyanja yalusa." Koma nyanja ya lero ndi yomwe ija imene makolo anayendapo zaka mazanamazana ali ndi mtengo wosema ndi nkhafi basi. Chimene chasintha nchakuti nzeru zawo zili kuiwalika. Tsono mawu a nkhani ino ndi awa: chopulumutsa munthu panyanja si kukula kwa chombo kapena mphamvu ya injini ayi, koma kudziwa mphepo, kudziwa katundu woyenera, ndi kudziwa tsiku losayenera kupita.

NYANJA SI DZIWE

Nyanja ya Malawi njaitali makilomita pafupifupi 580, ndipo pamene yatambalala kwambiri ifika makilomita 75. Chakumpoto kuya kwake kufika mamita 700. Madzi ochuluka chotere mphepo ikawagwira auka mafunde aatali kuposa munthu. David Livingstone, amene anafika panyanjayi mu 1859, anabweranso mu 1861 ndi boti kuti ayende m'mbali mwake, ndipo namondwe atamuzunza anaitcha nyanja ya anamondwe.

Pa 2 Seputembala 1895, Bishopu Chauncy Maples anali paulendo wobwerera ku Likoma m'boti la thanga la mishoni lotchedwa Sherriff. Mphepo inawapeza asanafike ku Nkhotakota, boti linagubuduzika, ndipo iye ndi mnzake Joseph Williams anamira. Manda ake ali ku Nkhotakota. Munthuyu anali atakhala zaka zambiri m'dziko la kunyanja, koma nyanja sinam'chitire ulemu.

Tsoka lalikulu koposa linagwa pa 30 Julayi 1946. Sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, inali kuoloka kuchokera ku Mbamba Bay kunka ku Florence Bay, kumene lero kutchedwa Chitimba. Inali nyengo ya mwera. Mafunde anaigonjetsa, ndipo anthu 145 anafa. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, inadza m'malo mwake.

Kodi ngati chitsulo chinamira, nanga mtengo wosema upulumuka bwanji? Upulumuka chifukwa mwini wake adziwa kuti ngwochepa, ndipo sayesana mphamvu ndi nyanja.

MPHEPO ZITATU

Msodzi wakale asanaphunzitse mwana wake kugwira nkhafi, anayamba wam'phunzitsa maina a mphepo.

Yoyamba ndi mwera. Uwu uchokera kummwera chakum'mawa, ndipo uomba m'nyengo yozizira, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti kapena Seputembala. Popeza utsata kutalika kwa nyanja, mafunde ake akula pamene ali kupita kumpoto, kotero kuti anthu a ku Nkhata Bay, ku Likoma ndi ku Chilumba aona mafunde aakulu kuposa a ku Mangochi. Mwera ukayamba sulekeza tsiku limodzi. Utha kuomba masiku atatu kapena kupitirira. Kumapiri a Mulanje ndi Thyolo kukagwa chiperoni, a kunyanja adziwe kuti mphepo yomweyo ili pa iwo. Komabe mwera si mdani. Pokankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, uchititsa kuti madzi ozizira a pansi akwere kummwera pamodzi ndi chakudya cha nsomba. Nchifukwa chake mbali ya Mangochi ili ndi nsomba zambiri. Mwera udyetsa munthu woulemekeza.

Yachiwiri ndi mpoto, wochokera kumpoto, wa nyengo ya mvula. Kuopsa kwa mpoto ndi kudzidzimutsa. Nyanja itha kukhala bata ngati mafuta m'mbale, koma mtambo wakuda ukaunjikana, mphepo yozizira ikayamba kukhudza pakhosi, ndi mzere wakuda ukaoneka pamadzi chapatali, nthawi yotsala njochepa. Pamenepo wanzeru asiya khoka, nathamangira kumtunda. Nyengo yomweyi ndiyonso ya mphezi, ndipo munthu woimirira m'bwato pakati pa nyanja ndiye chinthu chachitali kuposa zonse pamalopo.

Yachitatu ndi vuma, yochokera kum'mawa, imene iomba makamaka mmawa m'miyezi yotentha. Vuma ivutitsa a tsidya la kumadzulo, chifukwa iponya mafunde molunjika pagombe lawo, ndipo kutuluka kapena kukocheza kukhala kovuta.

Palinso kamphepo ka tsiku ndi tsiku kamene aphunzitsi angathe kufotokozera ana mosavuta. Masana mtunda utentha msanga kuposa madzi. Mpweya wotentha ukwera, ndipo wozizira wa panyanja ubwera kudzalowa m'malo mwake. Usiku mtunda uzizira msanga, ndipo mphepo itembenuka, nichoka kumtunda kunka kunyanja. Makolo anali kutuluka ndi mphepo ya usiku ndi kubwerera ndi ya masana. Koma mwana wosadziwa, akatenga bwato madzulo kuti asewere, mphepo yomweyo im'tengera kutali osazindikira.

Pansi pa madzi palinso mweza, ndiye kuyenda kwa madzi kumene sikuoneka ndi maso. Nthawi zina mweza upita kwina, mphepo kwina. Msodzi auzindikira poona kumene chingwe cha khoka chikupendekera, ndipo asanaponye chilimila ayamba waufunsa.

BWATO LABWINO LIYAMBA KUNKHALANGO

Kale mmisiri wosema bwato anali munthu wolemekezeka. Anali kukwera kumapiri kukafuna mtengo wowongoka, wopanda mphako, monga mbawa, mtondo kapena mlombwa. Ena anali kusema msangu. Atagwetsa, anali kusema pomwepo ndi nkhwangwa, kasemasema ndi sompho, masabata angapo. Anali kugogoda m'mbali ndi kumvetsera kulira kwa mtengo kuti adziwe ngati mbali ziwirizo zalingana. Pansi anali kusiya pochindikala kuposa m'mbali, kuti kulemera kukhale pansi. Tsiku lotsitsa bwato mudzi wonse unali kubwera ndi zingwe, kukoka ndi nyimbo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Bwato la panyanja ya Malawi lili ndi kamwa lopapatiza ndi mimba yotakata, milomo yake yopindikira m'kati. Mlendo aliseka, chifukwa wopalasa akhala pamwamba pa milomo, miyendo yokha ili m'kati. Koma mmisiri sanalakwitse. Kamwa lopapatiza ndilo liletsa mafunde kulowa. Bwato la kumtsinje kapena la ku Chilwa, kumene madzi ngosaya ndipo anthu akankha ndi nsungwi yaitali, likhoza kukhala lotseguka. Koma kulitenga lotere kupita nalo pakati pa nyanja yaikulu ndiko kuitana tsoka.

Lero mitengo ikuluikulu ija yasowa m'malo ambiri. Amisiri akusema mango, bulugamu ndi mitengo ina imene sikhalitsa. Bwato lotere ling'aluka msanga, ndipo mwini wake aliphatika ndi malata, misomali ndi phula mpaka zigamba zichuluka kuposa mtengo. Tsono bwato la lero lifuna kusamalidwa kuposa la kale. Likabwera kunyanja likokeredwe kumtunda pa timitengo, osati kulikhwekhwereza pamiyala. Likhale pamthunzi kapena lifunditsidwe udzu, chifukwa dzuwa ndilo ling'amba mtengo. Mwini wake aliyang'ane m'kati ndi kunja asanapite ulendo, osati atafika pakati.

Mtengo umodzi waukulu utulutsa bwato limodzi lokha, ndipo mbali yaikulu ya mtengowo itayika ngati zipalapasiro. Mtengo womwewo utachekedwa matabwa ungapindule koposa. Nchifukwa chake maboti a matabwa achuluka, ndipo nchinthu chabwino. Koma mudzi umene ufuna kuti zidzukulu zake zidzakhale ndi mabwato kapena matabwa udzale mbawa m'mbali mwa mitsinje nyengo ya mvula ino, pakuti wodzala mbawa sadzalira yekha.

KUKWEZA KATUNDU NDI KUPALASA

Mabwato ambiri samira chifukwa cha mphepo yokha, koma chifukwa cha katundu. Akulu anali kuyesa ndi dzanja: anthu ndi katundu atalowa, kuchokera pamadzi kufika pamlomo wa bwato patsale danga loposa chikhatho chotambasula, ndipo tsiku la mafunde patsale loposa pamenepo. Ngati danga lachepa, wina atsike. Kuli bwino kuoloka kawiri kusiyana ndi kusaoloka konse.

Zolemera zikhale pansi ndi pakati. Matumba akaunjikidwa pamwamba, kapena njinga zikasanjikizidwa, bwato liyamba kudzandira ngati munthu wosenza mtolo wom'posa. Apaulendo akhale pansi, ndipo wina asaimirire kapena kuthamangira mbali imodzi ngakhale funde litawathira.

Madzi olowa m'bwato akapidwe msanga. Madzi a m'kati ngoopsa kuposa a kunja, chifukwa bwato likapendekeka pang'ono onse athamangira mbali yomweyo nalimaliza. Chokapira chikhale chomangirira ndi chingwe, ndipo pakhale nkhafi ina yapadera.

Funde lalikulu alilandira ndi mutu wa bwato, mopendeketsa pang'ono, osati ndi nthiti. Bwato likagona chopingasa pakati pa mafunde awiri, lachitatu liligubuduza. Wokhala kumbuyo ndiye mwini ulendo. Mawu ake amveke, ndipo ena asatsutsane naye pakati pa madzi. Pokocheza pagombe la mafunde, wanzeru sathamanga. Aima kunja pang'ono, nawerenga mafunde, pakuti aakulu abwera motsatana kenaka pakhala mpata. Alowa kumbuyo kwa funde lalikulu, ndipo bwato likakhudza mchenga onse atsika msanga nalikoka lisanatembenuzidwe.

Makolo analibe kampasi, koma sanali kusokera. Masana anali kulunjikitsa zinthu ziwiri za kumtunda, monga nsonga ya phiri ndi mtengo wa mlambe, kenaka zina ziwiri za mbali ina. Pamene mizere iwiriyo ikumana ndipo pali chirundu cha utaka. Usiku anali kuyang'ana nyenyezi, kumvetsera kumene mafunde akuswekera, ndi kukumbukira mbali ya nkhope imene mphepo inali kuwakhudza potuluka. Nthanda ikatuluka anali kudziwa kuti kwatsala pang'ono kucha. Kale usipa anali kuukopa ndi miuni, pambuyo pake nyali za palafini, ndipo lero mababu a batire. Koma kuwala kwa nyali kuchititsa khungu munthu amene saphunzira kuyang'ana kumwamba.

ZA THANGA

Zombo za thanga zinafika panyanja ino ndi amalonda a Chiswahili. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zinali kuolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kunka tsidya la kum'mawa. Malonda oipawo anathetsedwa m'zaka za m'ma 1890, koma luso lomanga zombo ndi kuyendetsa thanga linatsala, makamaka ku Likoma, ku Chizumulu ndi kugombe la Mozambique. Asodzi enanso aimika nsungwi m'boti nasoka matumba kukhala thanga, kuti mphepo iwathandize pobwerera.

Thanga silidya mafuta, ndipo pa chifukwa ichi siliyenera kunyozedwa. Koma lili ndi malamulo ake. Loyamba: chingwe chogwira ngodya ya thanga chisamangidwe mfundo yolimba. Chikhale m'manja, kapena chikulungidwe mwakuti kukoka kamodzi chimasuke, pakuti mphepo ikawomba modzidzimutsa, kumasula chingwecho ndiko kutaya mphamvu yake. Lachiwiri: thanga litsitsidwe mtambo usanafike, osati utafika. Lachitatu: chombo chopanda katundu chiikidwe miyala pansi kuti chisapepuke, ndipo anthu akhale mbali imene mphepo ikuchokera. Bwato losema lopapatiza silifuna thanga lalikulu. Kansalu kakang'ono, kotsika, mphepo ili kumbuyo, nkokwanira.

Injini nayo njabwino, koma ipita ndi munthu kutali kumene nkhafi sizikanam'fikitsa, ndipo ikazima kumeneko mwera uli kuomba, wopanda nkhafi, thanga kapena nangula angotengedwa. Boti la injini linyamule zonsezi.

BWATO LIKAGUBUDUZIKA

Lamulo lalikulu ndi ili: munthu asasiye bwato. Kawirikawiri mtengo uyandama ngakhale utadzaza madzi, ndipo ofunafuna aona bwato msanga kuposa mutu wa munthu. Mtunda uoneka pafupi pamene uli kutali, ndipo ambiri amene anamira anali odziwa kusambira amene anati akafika. Asodzi ozolowera atembenuza bwato ali m'madzi, nalikankha kutsogolo ndi kumbuyo kuti madzi akhavukire kunja. Kenaka mmodzi wopepuka alowa nayamba kukapa. Anyamata aphunzire zimenezi pamadzi osaya tsiku la bata. Jekete yoyandamitsa munthu ivalidwe asanachoke padooko. Pamene palibe, chigubu chopanda kanthu chotsekedwa bwino, chomangirira chingwe, chigwira munthu maola ambiri.

Kumitsinje mdani ndi wina. Mu Meyi 2023 mvuu inagunda bwato lonyamula anthu 37 pa mtsinje wa Shire m'boma la Nsanje, ndipo ambiri anatayika. Woolotsa anthu adziwe maiwe a mvuu nawalambalale, makamaka pamene zili ndi ana, ndipo asadzaze bwato mwakuti kugwedezeka kumodzi kulimiza.

ASODZI AWIRI

Taganizani za asodzi awiri padooko limodzi m'mwezi wa Julayi. Mwera waomba masiku atatu, m'nyumba ndiwo zatha, ndipo amalonda ali pamchenga ndi ndalama m'manja, mtengo wa usipa utakwera. Madzulo mphepo yatsikako. Wamng'ono ati, "Agogo, nyanja yagona, tiyeni." Wamkulu ayang'ana mitambo imene ikuthamangabe pamwamba pa phiri, naona mafunde aatali akubwerabe kuchokera kummwera, ndipo ati, "Mdzukulu wanga, yapuma chabe, sinagone. Tidikire mawa."

Mnyamatayo sali wopusa. Njala njoona, ngongole ya khoka njoona, ndipo mwini zipangizo amene atsala kumtunda nthawi zina akakamiza anyamata ake kuti apite. Nchifukwa chake nkhani iyi si ya msodzi yekha. Munthu mmodzi kukana kupita pamene anzake onse akupita nkovuta. Koma dooko lonse likagwirizana kuti lero palibe bwato lituluke, palibe wochita manyazi. Usipa wa lero ukathawa, wina udzabwera mdima wa mwezi wamawa; koma bambo akamira, ana ake alibe wina.

NTCHITO YA MAFUMU NDI APHUNZITSI

Chitsanzo chilipo. Pa chilumba cha Mbenje m'boma la Salima, kuyambira zaka za m'ma 1950, mfumu ndi anthu ake atseka usodzi nyengo ya mvula, kuyambira Disembala kufikira Epulo, ndipo mowa ndi juga nzoletsedwa pachilumbapo. Nsomba zipeza mpata woswana, ndiponso anthu sakhala pakati pa nyanja m'miyezi ya mpoto ndi mphezi. Lamulo la Boma la zausodzi la 1997 linapatsa anthu a m'midzi mbali pa kusamala usodzi, ndipo makomiti a m'madooko alipo. Makomiti amenewa, pamodzi ndi mafumu, angathe kuika lamulo la chiwerengero cha anthu m'bwato, kuletsa woledzera kugwira nkhafi, ndi kutseka dooko tsiku loipa. Nthambi ya Boma yoona za nyengo ichenjeza pa wailesi mwera ukamadza. Chenjezolo lifike kwa aliyense padooko, ndipo liphatikizidwe ndi maso a akulu.

Aphunzitsi nawo ali ndi mbali yaikulu. Pafupi ndi sukulu iliyonse ya kunyanja pali nkhalamba imene idziwa mphepo, mweza ndi zirundu za dera limenelo, ndipo nzeruzo sizinalembedwe m'buku lililonse. Mphunzitsi aiitane kusukulu mwaulemu, ikambe, ndipo ana alembe. Ana ajambule mapu a gombe lawo, alembepo maina a mphepo ndi miyezi yake, malo obisalapo namondwe akadza, ndi malo a ng'ona ndi mvuu. Anyamata ndi atsikana omwe aphunzire kusambira, pamchenga woyera kutali ndi bango, pakuti amayi ndi ana ndiwo achuluka pakati pa apaulendo. Safunsa anadya phula. Ndipo nkhalamba ikapita osafunsidwa, ipita ndi zonse.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

1. Munthu ayang'ane kumwamba, amve wailesi, ndi kufunsa akulu asanakankhe bwato.

2. Anene kunyumba kumene akupita ndi nthawi yobwerera.

3. Asadzaze bwato, zolemera zikhale pansi, anthu akhale chete.

4. Anyamule chokapira, nkhafi yapadera, chingwe, ndi choyandamitsa.

5. Mowa ndi nyanja siziyendera pamodzi.

6. Thanga litsike mtambo usanafike.

7. Bwato likagubuduzika, asalisiye.

Mwera udzabweranso chaka chino monga unabwera chaka chatha. Mudzi umene udzasunga mawu awa udzawerenga mabwato ake madzulo ndi kuwapeza onse ali pamchenga. Mawu a akulu akoma akagonera, koma panyanja ayenera kumveka lero lomwe.